Luciano Ndamupeza, Koma Amayi Musawauze Zonse

Tembisa, Joni
19 Março 1995

Amake Stélia,

Landirani moni inu, Amayi ndi ana kumeneko ku Malowera. Mwadzuka bwanji? Chifuwa cha Amayi chija chaleka? Ine kuno ndili bwino. Mapazi anatupa ndi ulendo, koma tsopano aphwa.

Kalata iyi muwerenge nokha. Sikola ya akuluakulu ija munkapita ku Ukwimi, ine n'kumakusekani kuti mwakalamba, lero yatipindulira. Sindifuna nkhani za m'nyumba mwathu zizidutsa pakamwa pa munthu wina.

Ntchito ndapeza. Tikuumba njerwa za simenti ndi makina, fumbi lake limauma m'mphuno ngati phulusa. Ndikugona m'kanyumba ka malata, moyandikana ndi amuna awiri a ku Gaza. Chinenero chawo sindichimva, chathu sachimva, timakumana pa Chiputukezi.

Za Luciano sindinamve cholimba. Mukudziwa chimene ndinalonjeza Amayi pakhomo tsiku lonyamuka, kuti sindibwerera ndisanamuone mng'ono wanga ndi maso angawa. Koma nthawi zina ndimaona ngati ndikusaka munthu amene sindimudziwa. Anthu a mfuti anamutenga ali ndi zaka khumi ndi zisanu, tsiku lomwe ife tinathawira ku Zambia. Tabwerera patatha zaka zisanu ndi zitatu, naye wapereka mfuti, anakhala nafe masabata atatu okha. Inu munamuona mmene analili: osayankhula, kukhala kuseri kwa nkhokwe, m'mawa akununkha kale kachasu. Kenako tinangomva kuti wakwera lole ya ku Tete. Kuno ndafunsa aliyense wolankhula Chinyanja kapena Chinyungwe. Wina akuti anamuona ku Alexandra akutsuka matakisi. Ndipita Dumingu likubwerali, tsiku lopuma.

Chimene chandidabwitsa kuno ndi mowa. Kwathu nkhondo isanabwere, mowa unkakhala ndi mwini wake ndi chifukwa chake: wolimira, wa maliro, wa ukwati, ndipo ukatha watha. Kuno sukutha. Uli m'magarafa agalasi, uli m'makatoni ngati mkaka, uli m'nyumba yachitatu iliyonse. Lachisanu tikangoweruka, mzere wonse umakhotera khomo limodzi ngati ng'ombe zopita kumadzi. Ndinafunsa mnzanga wa ku Gaza kuti, "Kodi mukukondwerera chiyani?" Anaseka, nati, "Sitikukondwerera kanthu. Tikudikira Lolemba." Yankho limeneli ndayenda nalo sabata yonse. Inenso ndinalowako, kuti ndione chabe.

Stélia asadutse njira yakale ya kumtsinje mpaka ochotsa mabomba atafika, ngakhale anzake akudutsa. Ndapatsira sabawo wochapira, mchere ndi nsalu imodzi ya kapulana kwa a Olímpio, oyendetsa lole ya ku Tete. Yankho lanu mupereke kwa iwo omwewo.

Ndine mwamuna wanu,
Nazário


Tembisa
14 Maio 1995

Amake Stélia,

Moni nonse. Ndikhulupirira muli bwino ndipo chimanga chalowa m'nkhokwe. Kuno kwayamba kuzizira, kuzizira kwake kosiyana ndi kwathu, kumalowa m'mano.

Luciano ndamupeza. Amayi muwauze kuti ali moyo, manja ndi miyendo zonse zilipo, ndipo akupereka moni. Zimenezo ndi zoona. Zotsalazi ndi zanu nokha.

Ku Alexandra ndinapita maulendo atatu. Ulendo wachitatu, dzuwa lili pamutu, ndinazungulira kuseri kwa malo oimikako matakisi. Panali amuna atatu atakhala pa matayala. Ndinawadutsa. Iye ndiye anandiitana m'Chiputukezi monga mkulu wake, "Mano!" Ndinazindikira mawu, nkhope ayi. Waonda, Amake Stélia, khosi ngati la nkhuku yososoka, ndipo m'chikhatho mwake muli banga lofiirira ngati anapsa.

Sanandibisire kanthu. Tangopatsana moni, anatenga khosi la garafa yosweka, nathiramo chamba, naphwanya piritsi loyera n'kuwaza pamwamba. Amalitcha mandarakisi, ena amati batani. Mnzake anamuyatsira, iye anakoka kawiri, kenako anagwera chammbali ngati mbuzi yomenyedwa pamutu, dovu likutuluka. Ine ndinakuwa, ndimayesa wafa. Anzakewo anandiseka. Patapita kanthawi anadzuka, napukuta pakamwa, n'kundifunsa ngati mvula inagwa bwino kwathu chaka chino.

Mwina mukuti ndikanamumenya pomwepo. Ndinaganizako. Koma chimene chinandigwira kwambiri ndi kufuna kudziwa. Ndinakoka tayala lina, ndinakhala, n'kumufunsa, "Iwe, ukagwa chonchi umapita kuti?"

"Sindipita kulikonse, mano. Ndiye ubwino wake umenewo."

"Nanga kachasu uja unkamwa kwathu sanali kukukwana?"

"Kachasu amachepetsa phokoso. Ichi chimazimitsiratu."

"Phokoso lanji?"

Anatenga nsanza n'kuyamba kupukuta takisi imene inali yotsuka kale.

Ndamutenga, akugona kwanga. Katundu wake yense anakwana m'thumba limodzi la pulasitiki. Amadya pang'ono, ndipo akamva chitseko chikumenyeka amadzidzimuka thupi lonse.

Tsopano ndili ndi ntchito yoti ndikutumeni. A Inácio, aja anali naye Luciano kutchire, paja tikubwera kumene ankagona m'ngalande ndi mowa mpaka akazi awo anathawira kwawo ku Chiputo. A Olímpio andiuza kuti masiku ano samwanso, akuumba njerwa za sikola yatsopano. Kodi n'zoona? Pitani mukawafunse kuti anachita chiyani. Anamwa mankhwala? Anapemphereredwa? Kapena anangodzuka tsiku lina chilakolako chitachoka? Musapite nokha, mutenge anzanu a Gracinda, anthu angalankhule. Mawu awo mundilembere momwe awanenere, osakonza.

Mbuzi ija ikabereka musagulitse mwana.

Ndine,
Atate a Stélia


Tembisa
9 Julho 1995

Amake Stélia,

Kalata yanu yafika, yayenda masabata asanu. Ndakondwa kuti nonse muli bwino ndiponso kuti Stélia wayamba sikola, ngakhale ndi pansi pa mtengo. Ine thupi lili bwino.

Mawu awo a Inácio ndawawerenga kasanu. Ndaseka pomwe mwalemba kuti ulendo woyamba anakubwezani kuti si nkhani ya akazi, ndipo ulendo wachiwiri munangokhala pa chikombole chawo mpaka anatopa nanu. Ndiye akuti kusamba kwa ng'anga kunawagwira masiku khumi, pemphero la a padiri mwezi umodzi. Akuti zimene zawagwira mpaka lero ndi ziwiri. Anasiya njira yodutsa pa baraka ya mowa, amazungulira kudambo ngakhale ndi kutali. Ndipo tsiku lina ali m'dzenje la dothi anauza mnzawo woumba naye zonse zimene anachita kutchire, osasiyako, ndipo mnzawoyo sanathawe, mawa lake anabweranso kuntchito. Apa ndi pamene pandizunguza mutu. Kungonena basi? Mawu okha angathe zimene ng'anga yalephera? Sindikumvetsa, koma ndikufuna kumvetsa.

Kuno ndayesa zanga. Ndinamutsekera m'nyumba ndi loko popita kuntchito. Pobwera ndinapeza wakanganula lata la kumbuyo, bulangete ndi nsapato zanga za kutchalitchi palibe. Zimene zinachitika atabwera sindilemba. Dzanja langa lamanja linatupa masiku anayi, ndipo iye sanabweze ngakhale kamodzi. Anangoima, manja pansi, ngati munthu wozolowera. Zimenezo zandipweteka kuposa nsapato.

Ndinapitanso ku Alexandra ndekha kukafunsa anzake aja kuti mapiritsiwa amachokera kuti. Wina akuti ku India, wina akuti amapangidwa konkuno. Amene amagulitsa ndinamuona, ndi munthu wonenepa bwino, wovala jekete yachikopa. Iye sasuta. Ndinafuna kumufunsa chifukwa chake, koma maso ake sanali ofunsika.

Tsopano ina. A Olímpio anandiuza, osati mwa miseche, kuti kuseri kwa nyumba yathu kumafuka utsi, ndipo amuna amakhala pamphasa kuyambira m'mawa. Amake Stélia, kodi mukutcheza kachasu? Sindikukalipa. Ndikudziwa kuti tinabwera kuchokera ku Zambia ndi mapoto awiri ndi khasu, ndipo zimene ndimatumiza zimachedwa panjira. Koma ndikamuyang'ana Luciano ndimadzifunsa kuti garafa yake yoyamba atatuluka kutchire anaigula pakhomo pa yani, ndipo mayi wa pakhomopo ankaganiza chiyani pomuthirira. Ndiuzeni, amabwera kudzamwa ndi ayani? Mwa iwo, anagwirapo mfuti ndi angati? Akaledzera amakamba zotani?

Amayi muwauze kuti mwana wawo akunenepa. Si zoona kwenikweni, koma dzulo anamaliza mbale.

Nazário


Tembisa
17 Setembro 1995

Amake Stélia,

Moni kwa inu ndi onse a pakhomo. Ndamva kuti Amayi anadwala malungo ndipo achira, Mulungu atamandike. Kuno kwayamba kufunda.

Yankho lanu ndalimva, ndi lakuthwa. Mwati makope a Stélia ndi mapiritsi a Amayi sizinagwe kumwamba. Mwati tomato amawola, nkhuku zimafa ndi chitopa, koma kachasu amadikira wogula. Sindingatsutse. Chimene sindinkadziwa ndi chakuti mwa amuna asanu ndi anayi obwera pakhomo, asanu ndi mmodzi anagwirapo mfuti, anayi mbali iyi, awiri mbali inayo, ndipo amakhala mphasa imodzi osakambapo za nkhondo ngakhale ataledzera chotani. Funso lanu lomaliza lija, lakuti kodi ine Lachisanu ndimamwa madzi, ndidzayankha tsiku lina.

Mverani zimene zachitika kuno. Ndinamutengera Luciano kuchipatala chifukwa cha chifuwa. Namwino, mayi wamkulu wachizulu, anatembenuza dzanja lake, naona banga lija, koma sanakalipe. Anati piritsi lochotsa chilakolako alibe, koma Lachitatu lililonse anthu akaweruka, a vuto ngati limeneli amakumana m'holo ya tchalitchi china chapafupi, iyenso amakhalapo. Luciano anati, "Ine sindine wamisala, mano."

Ndinapita ndekha kuti ndikaone. Mipando yoikidwa mozungulira, tiyi, anthu khumi ndi atatu. Wolalikira palibe, mankhwala palibe. Wina mphunzitsi ndi taye wake, wina mayi wogulitsa pamsika, ngakhale mzungu mmodzi wopanda mano akutsogolo. Mmodzi akamayankhula ena onse chete. Koma zonse zinali m'Chizulu ndi Chingerezi, ine ndinangotolamo mawu awiri atatu. Ndinatuluka mutu ukuyabwa.

Ndinamuuza Luciano kuti, "Iwe sukudwala, chabwino. Koma ine ndikufuna kumva zimene amanena anthu aja. Wakhalitsa kuno, Chizulu umachimva. Tiye ukandimasulire, ndikakugulira nyama yootcha." Anavomera chifukwa cha nyama.

Tinakhala kumbuyo, iye akunong'ona m'khutu mwanga. Paja womasulira amayankhula ngati mwini nkhani, ndiye ndinamva mng'ono wanga akunena m'Chinyanja kuti, "Ine ndinagulitsa makina osokera a mkazi wanga." Kenako, "Ine mwana wanga amabisala akamva mapazi anga." Poyamba ankaseka. Pofika munthu wachinayi anasiya kuseka.

Sabata yachitatu anaimirira mwamuna wina, kukamba za nkhondo zawo za kuno, za m'mahositele ogona antchito zaka zapitazi. Luciano akumasulira: "Ine ndikatseka maso ndimaona moto. Ine ananditumiza kukatentha nyumba. Munali mayi ndi mbuzi ziwiri. Anati ndikapanda kuyatsa alowetsamo ine. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Kunali kufupi ndi Zambezi." Nditamva Zambezi ndinakweza maso. Mwamuna uja anali atakhala pansi kalekale, akumwa tiyi. M'holo monse munali zii, kupatula mng'ono wanga m'khutu mwanga.

Sindinatembenuke. Ndinaopa kuti ndikamuyang'ana asiya. Anayankhula nthawi yaitali, zina sindingazilembe. Atamaliza ndinangoti, "Ndamva." Panjira nyama anadya theka, theka anandipatsa.

A Inácio muwauze kuti tsopano ndayamba kumvetsa pang'ono. Lero ndi tsiku la khumi ndi chiwiri Luciano asanagwire garafa ija. Amatuluka thukuta, amakwiya ndi chilichonse ngakhale supuni, koma wayamba kunyamula njerwa kuntchito kwathu. Za motozo musauze munthu, ngakhale Amayi. Ndi zake.

Ndine wanu,
Nazário


Tembisa
21 Janeiro 1996

Amake Stélia,

Moni. Ndikhulupirira inu, Amayi ndi ana muli moyo. Ndikudziwa kuti mwadikira miyezi inayi, ndipo Natale, tsiku lobadwa Ambuye, yadutsa popanda kalata, popanda kapulana. Makalata anu awiri ndinalandira. Ndinalibe nkhope yoyankhira.

Pa Dezembro ntchito zonse zomanga kuno zimatsekedwa masabata atatu. Msonkhano wa Lachitatu nawo unaima chifukwa m'holo munali makwaya. Ndiye taganizani, amuna awiri m'kanyumba ka malata, chochita palibe, dzuwa likuwotcha.

Munandifunsa ngati Lachisanu ndimamwa madzi. Sindimwa madzi. Kuyambira Março ndakhala ndikulowa khomo lija, poyamba kuti ndione, pambuyo pake chifukwa miyendo inazolowera. Ndinkati zanga n'zosiyana ndi za Luciano chifukwa ine Lolemba ndimadzuka. Tsiku la Natale masana ndinabweretsa magarafa m'nyumba, ndinamwa iye akuyang'ana. Ndipo ndine amene ndinati, "Imodzi siipha munthu." Anali atakwanitsa miyezi itatu ndi theka.

Anasowa masiku asanu ndi anayi. Ndinamupeza kuchipatala, atasokedwa pamutu ndi paphewa. Amene anamubaya sakumukumbukira. Ali moyo, watuluka, akugonera mbali imodzi.

Nditamuuza namwino uja zonsezi, anandiyang'ana nati, "Inu baba, Lachitatu mumabwera chifukwa cha ndani?" Sabata yatha ndinachoka kumbuyo kuja, ndinakhala m'bwalo la mipando. Ndinayankhula m'Chinyanja, Luciano n'kumamasulira m'Chizulu. Sanawonjezepo, sanachotsepo.

Ndinakufunsani za utsi wa kuseri kwa nyumba ine mwini ndikununkha. Mundikhululukire.

Nazário


Tembisa
7 Abril 1996

Amake Stélia,

Moni wa Pasika kwa inu nonse. Ine ndili bwino, Luciano mabala apola. Kalata yanu inafika. Munandikalipira tsamba limodzi ndi theka, ndipo ndavomera zonse, ngakhale pomwe mwanditcha chitsiru chophunzira.

Nkhani ya uvuni yandisangalatsa. Ndiye inu ndi a Gracinda mwaumba uvuni wadothi, mukuphika pau, buledi uja, wogulitsa kwa omanga sikola ndi pamsika? Ndani anakuphunzitsani? Ufa watirigu mukuupeza ku Zambia kapena ku Tete? Mwati phindu lake n'lochepa ndipo akagona masiku awiri amauma, koma pakhomo pali bata ndipo Stélia sadumphanso miyendo ya anthu popita kusikola. Ndapatsira feremento yotupitsira ndi zitini zophikira zinayi kwa a Olímpio.

Koma mwanena zoona kuti kachasu m'mudzi sanachepe. Amuna aja angosamuka ndi mphasa yawo kupita kwa a Lurdes, amene akutchezabe. Ndakhala ndikuganiza zimenezi. Mmodzi akasiya kutcheza, wina amayamba, chifukwa ludzu lilipobe ndipo njala ya otchezawo ilipobe. N'chifukwa chake maganizo anu aja ndawakonda kuposa anga onse, akuti amayi otcheza mugwirizane kuti asamagulitse dzuwa lisanapendeke, ndiponso asamalandire mbewu, khasu kapena bulangete m'malo mwa ndalama. Yesani. Mundiuze amene avomere ndi amene akane, ndi zifukwa zawo.

Tsopano nkhani yaikulu. Luciano akubwera kumudzi, anyamuka ndi lole ya a Olímpio kumapeto kwa mwezi uno. Maganizo ndi ake. Anati, "Mano, kuno anzanga aja akudziwa khomo lino, ndipo ndikadutsa pa matakisi pakamwa pamadzaza malovu. Kwathu piritsi kulibe." Ndinamukumbutsa kuti kachasu ndi chamba ziliko. Anati, "A Inácio alikonso." Ndamugulira nsapato ndi jekete. Ndikuopa, sindibisa, koma loko ndinayesa kale.

Ndikupempha chinthu chimodzi chovuta. Amayi adzafuna kufulula mowa wolandirira mwana wawo, aitane abale onse, monga mwa mwambo. Musalole. Muwauze kuti aphike thobwa, lambiri, lotsekemera, aphe mbuzi ngati afuna. Akakufunsani chifukwa, nenani kuti mowa ndi umene ukumudwalitsa, ndipo nenaninso kuti ukundidwalitsa ine. Amalume a Jacinto adzadandaula kuti tikunyoza makolo. Alekeni adandaule. Inu mumadziwa kuyankhula ndi Amayi kuposa ine amene anandibereka.

Akafika musamuyang'anitsitse, musamubisirenso mipeni ngati wamisala. Mupatseni ntchito.

Ndine mwamuna wanu,
Nazário


Tembisa
11 Agosto 1996

Amake Stélia,

Moni inu, Amayi, ana, ndi mlamu wanuyo. Ine ndili bwino. Miyezi isanu ndi iwiri pakamwa panga sipanadutse mowa. Lachisanu limavutabe. Ndimachapa zovala, za ine ndi za anzanga a ku Gaza, mpaka manja atuwe. Iwo akuti ndapenga, koma zovala amabweretsa.

Kalata yanu yaitali ija ndinaiwerenga nditaimirira pageti la kuntchito. Pomwe mwalemba kuti lole inafika ku Fingoe koma Luciano sanafike ku Malowera, ndinakhala pansi pa mchenga. Masiku atatu pa baraka, jekete n'kupita, nsapato n'kupita. Ndinapinda kalata, ndinati basi, ndatopa naye. Masana ndinaitsegulanso. A Inácio kupalasa njinga tsiku lathunthu ndi theka, kumupeza atagona pakhonde, osamukalipira, kungoti, "Kwera, dothi likuuma." Munthu ameneyu ndidzamuthokoza ndi chiyani?

Za thobwa ndaseka mpaka akapitawo anandiyang'ana. Amalume a Jacinto kulawa, kulavula, n'kunena kuti awa ndi maliro osati chikondwerero. Ndipo Amayi kuwayankha pamaso pa anthu kuti wofuna mowa abereke wake mwana, amudikire zaka khumi, adzafulule yekha! Sindinkadziwa kuti Amayi ali ndi pakamwa potere. Munawauza chiyani inu?

Mwati Dumingu akatuluka kutchalitchi, amuna asanu amakhala pa uvuni wa njerwa, Luciano n'kuwaika mozungulira monga anaonera kuno. Mwati a Gracinda anamvetsera ali kuseri, ndipo palibe amene amati "ine", onse amati "pali munthu wina amene ndimamudziwa", ndipo Luciano amawasiya. Ndinamuuza namwino uja, anaseka, nati naye ayesa kwa amanyazi a kuno. Koma a Gracinda asiye kumvetsera, akadziwika zonse zitha. Ndiuzeni izi zokha: awiri aja anali mbali inayo ya nkhondo amabwera? Amakhala moyandikana ndi a Inácio, kapena patali?

Pangano la amayi mwati avomera anayi, a Lurdes akana, akulandirabe mbewu. Musalimbane nawo. Ali ndi ana asanu, mwamuna anatsala kunkhondo. Kodi pa uvuni wanu wa pau sipangakwane munthu wachitatu? Ndangofunsa, mwini uvuni ndinu.

Mwatinso Luciano wagwanso kamodzi pa Junho, masiku awiri, ndipo tsiku lachitatu anapita yekha kudothi. Mwina adzagwanso. Mwina inenso. Kale ndinkaganiza kuti tidzapeza mankhwala amodzi n'kuthana nazo. Tsopano ndikuona kuti ndi ngati kupalira.

Chimene chandikhudza kwambiri ndi cha kudimba. Mwati anapita ndi Amayi m'mawa kukathirira, anabwera dzuwa litapendeka, madzi osathira ngakhale phando limodzi, maso a Amayi ali psuu, ndipo pakudya anamuikira ndiwo ndi dzanja lawo. Musawafunse zimene anakambirana. Inenso, ndi mafunso anga onsewa, sindidzafunsa.

Dezembro uno sindikhala kuno. Ntchito ikangotsekedwa ndikwera lole. Mwati wayamba kumanga kanyumba kake pafupi ndi ka Amayi, zipupa zafika m'chiuno. Mumuuze asafulumire ndi denga. Udzu amwete, mitengo adule, luzi aviike, koma asakwere yekha. Chikulire sitinagwirepo ntchito imodzi pa dothi la kwathu, ine ndi iye. Andidikire.

Ndine mwamuna wanu,
Nazário